Zala Zimene Makina Anakana

Achemwali anga aakulu, pa msewu wathu wonse, amadziwika ndi dzina lakuti Andachitakale. Anawapatsa dzinali ndi ana awo omwe. Mwana akati, "Amayi, malaya anga a mawa aja," iwo amayankha asanatembenuke n'komwe kuti, "Ndachita kale." Ufunse za batani lothothoka, za mphika umene unapserera dzulo, za madzi osamba a agogo, yankho ndi lomwelo. Dzinalo linatuluka pakhomo, linafika pa mpope, mpaka wogulitsa makala amawaitana choncho, ndipo iwo amavomera.

Ndi mayi wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Nyumba yawo ndi ya zipinda zitatu ndi khonde. Kuseri kwake kuli pochapira pa simenti ndi zingwe ziwiri zoyanikapo, zimene sindinazionepo zili zopanda kanthu. M'nyumbamo amakhala ndi amuna awo, alamu anga, amene anapuma ntchito ku positi ofesi. Mulinso agogo, mayi awo a alamu, amene miyendo inawakana zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo koma pakamwa pakadali pakuthwa. Mzime wawo, mtsikana wogulitsa mu sitolo ya nsapato, amakhalanso pomwepo ndi khanda lake. Mwana wawo wamwamuna, makaniko, ali ndi nyumba yakeyake, koma Loweruka lililonse amabweretsa maovolosi ake odzaza girisi, ati sopo wa amayi amayeretsa bwino.

Chinthu chimodzi chokha achemwali amachita chimene chili chawochawo: kuvota. Chiyambireni sanaphonyepo. Tsikulo amavala diresi yawo yabuluu, amafika pamzere oyamba, ndipo sauza munthu amene amuvotera, ngakhale amuna awo. Ndinawafunsapo chifukwa chake amachedwa m'kachipinda kovotera, pepala lake lili limodzi.

"Iwe," anandiyankha, "ndi chipinda chokhacho chimene ndimalowa popanda wondiitana. Ndifulumirirenji?"

Chaka chimenecho aphungu anayamba kukangana za kusintha lamulo la chisankho, ndipo mkanganowo unatsika pa wailesi n'kudzakhala pa khonde la ometa tsitsi. Makina anga osokera ali pa khonde lomwelo, choncho ndinkamva zonse, kufuna kapena kusafuna. Ena ankati aliyense alembetsenso, abwere ndi chiphaso, ndipo makina awerenge zidindo za zala zake. Ena ankati njira yakale isachotsedwe, yoti munthu akavutika ndi zitupa, anthu awiri omudziwa amuchitire umboni.

Alamu anali a makina, ndi mtima wonse.

"Makina alibe mbale wake," ankatero, atakhala pa benchi ngakhale analibe tsitsi loti n'kumeta. "Alibe chipani, sadya ziphuphu. Ukaika chala, akudziwa kapena sakukudziwa, nkhani yatha. Akumanda aja ankadzuka kudzavota aone polekera."

"Nanga amoyo amene makinawo angawakane?" ometa ankafunsa, sizasi ili m'mwamba.

"Munthu wa zala khumi akanidwa bwanji? Woopa makina ali ndi chimene akubisa."

"Inu madala, mwatha zaka makumi atatu mukudinda makalata a eni. Ndiye mwati tsopano tidindidwe tonse?"

Ankatero tsiku ndi tsiku, n'kusiyana akuseka, mawa n'kuyambiranso pomwe analekezera. Lamulo litadutsa, alamu anagulira ometa botolo la chakumwa chozizira, ati lopepesera maliro. Zamboni zinachotsedwa. Aliyense ankayenera kulembetsanso mwezi usanathe, ndipo makina ankayenera kuwerenga zala zosachepera zinayi.

Tinapita atatu ku holo ya sukulu, ine, achemwali ndi alamu. Ometa tinawapeza ali kale pamzere, koma anatsalira kumbuyo kwathu anthu atatilola kudutsa chifukwa cha ukulu. Pa tebulo panali mtsikana wa magalasi, kamera, ndi kamakina kokhala ndi galasi pamwamba. Kakawerenga chala kankayaka zobiriwira, kakakana kankayaka zofiira n'kulira ngati mwanapiye.

Alamu anayamba. Zala khumi, zobiriwira khumi. Anatembenukira mzere wonse, manja m'mwamba. Ine zanga zinawerengeka zisanu ndi zitatu, ziwiri zinakanidwa chifukwa cha mabala a singano. Kenako anakhala achemwali.

Mtsikana uja anaona chiphaso, anafunsa dzina, tsiku lobadwa, kumene amakhala. Ndiye anati, "Ntchito yanu, amayi?"

"Sindigwira ntchito, mwananga. Ndimangokhala pakhomo."

Analemba. Achemwali anaika chala chachikulu pagalasi. Zofiira. Anaika cholozera. Zofiira. Mtsikana anapukuta galasi ndi kansalu, anayesanso, anasintha dzanja. Mwanapiye uja analira kakhumi, ndipo holo yonse inayamba kusuzumira. Pamenepo mtsikana anagwira dzanja la achemwali, kulitembenuza, n'kuliyang'ana pafupi ndi windo. Inenso ndinasuzumira. Nsonga za zalazo zinali zosalala, zonyezimira ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Mizere ija tonse tili nayo, iwo analibe.

"Amayi, mwati simugwira ntchito?"

"Eee."

"Nanga zala izi zatha ndi chiyani? Zoterezi ndimaziona kwa omanga nyumba ndi kwa ochapa ku chipatala."

Achemwali anayang'ana ine, ngati kuti ndine ndinali ndi yankho.

"Makinawa awonongeka," alamu anatero.

"Ndi omwewa awerenga zanu khumi, bambo."

Mtsikanayo anali waulemu. Anafotokoza kuti sopo, mankhwala oyeretsera zovala ndi waya wokwechera mapoto zimadya mizere ya zala pang'onopang'ono, koma munthu akapumitsa manja imabwerera, mwina yonse, mwina pang'ono. "Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi kuti titseke. Masabata awiri musachape, musatsuke, musakweche. Muzidzola mafuta m'mawa ndi madzulo. Mudzabwere tidzayesenso."

"Palibe njira ina?" alamu anafunsa, mawu atatsika. "Ine ndine mwamuna wawo. Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Ndiwachitira umboni."

"Zamboni zinachotsedwa, bambo. Simunamve pa wailesi?"

"Anamva," ometa anayankha kuchokera pamzere. "Anaombanso m'manja."

Pobwerera achemwali ankayenda pang'onopang'ono, manja ali patsogolo, akuwayang'ana ngati a munthu wina. Titafika pa ngodya ya msewu wathu ndi pamene anati, "Ndiye kuti ulendo uno sindivota?"

"Muvota," alamu anayankha msanga. Manyazi a ku holo anali asanawachoke. "Masabata awiri n'chiyani? Pakhomo pali ntchito yanji yoti n'kutigonjetsa? Inu mukhale pansi. Zonse tizichita ife."

Madzulo ake anaitanitsa banja lonse n'kugawa ntchito ngati akugawa makalata. Mzime azitsuka mbale asanapite ku sitolo. Makaniko azidzichapira yekha maovolosi. Ine ndizibwera kudzasambitsa agogo, chifukwa agogo ananeneratu kuti mwana wawo wamwamuna akadzalowa ndi beseni, adzamuponyera sopo. Kuchapa ndi kukolopa alamu anadzisankhira okha, poganiza kuti ndi zopepuka. Mzime anafunsa ngati magolovesi sangathandize, koma achemwali anayesapo kale ndipo amawatulutsa tizilonda toyabwa.

Tsiku loyamba alamu anaviika malaya awo onse oyera m'beseni limodzi ndi masokosi ofiira a khanda. Anafika kwa ometa atavala malaya a pinki.

"Mwalowa chipani chatsopano, madala?"

"Ndi fasho," alamu anatero, n'kukhala pansi mosamala, chifukwa msana unali utayamba kale kudandaula.

Tsiku lachiwiri anapeza dramu la madzi lili gwa, louma. Anaima pakhomo n'kufunsa nyumba yonse kuti ndani wamaliza madzi. Mzime anawauza kuti dramu silidzaza lokha, amayi amalidzaza m'mawa uliwonse madzi asanasiye pa mpope, ndowa zisanu ndi imodzi. Alamu anati iwo ankaganiza kuti pali paipi.

Tsiku lachitatu ndinafika m'mamawa ndipo ndinawapeza kuseri, ataima pochapira, atagwira nsalu yonyowa yoyala pabedi la agogo. Sanali kuchapa. Anangoima.

"Alamu," anandifunsa motsitsa, "amayiwa adwala usiku wathawu?"

"Ayi. Ndi mmene zimakhalira."

"Tsiku lililonse?"

"Zaka zinayi tsopano."

Achemwali ankasintha zofundazo anthu asanadzuke, kuzichapa, kuziyanika ku chingwe chakumbuyo, kuti agogo asachite manyazi. Palibe amene anawapempha, palibenso amene anawauza zikomo, chifukwa kupatula ine ndi agogo, palibe ankadziwa. Alamu anapinda manja a malaya n'kuwerama. Tsiku limenelo sanapite kwa ometa.

Koma amene anavutika kuposa onse anali achemwali eni ake. Munthu amene sanakhalepo pansi dzuwa lili m'mwamba, tinamukhazika pa mpando wa pakhonde, manja onyezimira ndi mafuta ali pamiyendo, zikhatho zitayang'ana kumwamba ngati wopempha mvula. Odutsa ankafunsa ngati akudwala. Maso awo ankatsata mbale iliyonse yotuluka m'khitchini.

"Mphika uwo watsuka kapena waupatsa moni?" ankafunsa mzime.

Tsiku lachinayi anayesa kuba. Alamu atapita ku mpope, iwo analowa m'khitchini mwakachetechete, n'kuyamba kukwecha poto kuseri kwa chitseko. Anaiwala kuti chipinda cha agogo chimayang'anizana ndi khitchini, ndipo makutu a agogo sanakalambe.

"Akugwira madzi uyu!" agogo anakuwa. "Thamangani! Akuwononga zala za boma!"

Kuyambira tsikulo agogo anakhala mlonda. Ankadandaula kuti boma lawalanda mpongozi wawo, kuti manja anga ndi ozizira ngati mapazi a nkhuku, kuti tiyi wa mwana wawo akumveka sopo, koma akangomva madzi akulira m'khitchini ankafunsa kuti ali kumeneko ndani. Madzulo aliwonse ankaitana achemwali, kuwakhazika m'mphepete mwa bedi, n'kuwadzoza mafutawo okha, chala chimodzichimodzi. "Zaka zonsezi wandidzoza ndiwe," ankatero. "Khala phee. Usandiphunzitse."

Makaniko anabwera Loweruka ndi thumba lake monga mwa masiku onse, ati anaiwala. Bambo ake anamuonetsa pochapira, kumupatsa sopo, n'kukhala pa ndowa pafupi kumuyang'anira. Patapita ola limodzi ovolosi imodzi inali isanayere. Loweruka lotsatira sanaiwalenso.

Sabata yachiwiri achemwali anatopa ndi khonde lawo ndipo anabwera kudzakhala pafupi ndi makina anga. Kanali koyamba kuti amve mkangano wa kwa ometa ndi makutu awo. Nkhani inali yakuti aphungu ena akufuna lamulo liunikidwenso, ena akuti likhale momwemo. Anamvetsera nthawi yaitali, manja ali pamiyendo. Kenako anafunsa, osakweza mawu.

"Kodi amene analemba lamuloli, amachapa yekha?"

Ometa anaseka mpaka anakhala pansi, kusiya munthu atametedwa mbali imodzi. "Mwamva, madala? Funso limeneli akanafunsa ku nyumba ya malamulo, tikanapulumuka tonse."

Alamu anayang'ana manja awo, amene anali atayamba kusuwa. "Ine sindinasinthe," anatero. "Makina ndi abwino. Akumanda asavote. Kungoti nyumba yabwino imafunika kakhomo kakumbali."

"Kakhomo kakumbali kameneko dzina lake ndi mboni."

"Sindinatchule mboni ine."

"Ndiye katchuleni dzina lina, bola kalowetse Andachitakale."

Tsiku lomwelo alamu analembera kalata phungu wa dera lathu, masamba awiri, kufotokoza za zala za anthu ochapa, omanga ndi okalamba. Anamata sitampa pakona yake yeniyeni, anakaiponya okha, ndipo anadzudzula wa pa kauntala chifukwa chodinda mopendama. Yankho silinabwere, koma iwo amati kalatayo inafika, chifukwa adiresi inalembedwa bwino.

Tinabwerera ku holo litatsala tsiku limodzi kuti kalembera atsekedwe. Mzere unafika mpaka ku bwalo la mpira, chifukwa anthu timakonda tsiku lomaliza. Achemwali anavala diresi yabuluu. Anaima maola atatu osadandaula, manja atawapinda pachifuwa kuti munthu asawagunde. Ometa anatseka shopu n'kubwera, ati akufuna kuona ndi maso awo.

Mtsikana wa magalasi anawakumbukira. "Amayi aja! Mwapumitsa?"

"Ndapumitsa mpaka ndatopa."

Anayang'ana zalazo pa windo n'kugwedeza mutu. Mizere inali itayamba kuoneka, yopyapyala ngati ulusi. Chala chachikulu cha kumanja: zofiira. Cholozera: zofiira. Chapakati chinaganiziridwa kanthawi, kenako zobiriwira.

"Chimodzi," alamu anawerenga mokweza.

Chotsatira, zobiriwira. Kakumapeto, zofiira. Dzanja lamanzere linapereka chimodzi chokha. Zitatu. Mtsikana anayesanso zonse zokanidwa, anapukuta galasi, anayesa kachitatu. Zitatu zomwezo. Lamulo linkafuna zinayi, ndipo kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza kuti mzere wayima.

Ndinaona mapewa a achemwali akutsika. Anayamba kubweza dzanja. "Basi, mwananga. Wayesetsa. Thandiza anzanga."

"Dikirani, amayi. Mafuta aja mwapukuta onse pobwera, eti? Zauma kwambiri. Tengani kachala kakumapeto ka kumanzere, mukapake pamphumi panu."

"Pamphumi?"

"Eee, pali thukuta pang'ono. Osati lambiri."

Achemwali anapaka kachalako pamphumi, pamaso pa holo yonse. Mtsikana anakagwira, kukaika pagalasi, n'kukagubuduza pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kupita ina. Kamakina kanakhala chete. Alamu anali atatseka maso. Kenako kanayaka zobiriwira.

Anthu osatidziwa n'komwe anaomba m'manja. Ometa anakumbatira alamu. "Kachala kaulesi kaja, kamene kamathawa ntchito anzake akuchapa, ndi kamene kapulumutsa mudzi!"

Achemwali anajambulidwa akuseka, mtsikana anawapempha atseke pakamwa, anajambulidwanso. Powapatsa kachiphaso kawo kovotera, mtsikanayo anawonjezera mawu amodzi. "Muzisamale zalazi, amayi. Tsiku lovota makina adzafuna kuziwerenganso. Zikadzatha ngati poyamba, mudzabwezedwa pakhomo."

Alamu anatsegula maso. "Chisankho chili liti, mwanawe?"

"Mukufunsa inu, madala?" ometa anatero. "Si inu mumatiuza tsiku lililonse? Kwatsala miyezi inayi."

Sindinganene kuti miyezi inayi imeneyo inayenda yosalala. Mzime ankang'ung'udza m'mawa uliwonse, ndipo mbale ziwiri zinasweka mosadziwika bwino. Ine ndinkasiya makina anga ola limodzi tsiku lililonse, makasitomala n'kumadikira. Achemwali anabwerera ku kuphika, kusita, kusoka mabatani ndi kulera khanda, zimene zinali zokwana kale kudzaza tsiku la munthu. Koma sopo ndi waya sanazigwire. Alamu anaphunzira kusiyanitsa zoyera ndi zofiira, anaphunzira nthawi imene madzi amasiya pa mpope, ndipo anayamba kukangana ndi amayi a pa mzere wa madzi za sopo amene amatulutsa thovu lambiri, ndi mphamvu yomwe ija ankakanganira za aphungu.

Tsiku lovota achemwali anali oyamba pamzere. Makina anawerenga chala choyamba chimene anaika. Anavota, anaviika chala mu inki, tinabwerera kunyumba dzuwa lisanatenthe.

Alamu anavota pambuyo pathu, koma anatidutsa m'njira akuthamangira kunyumba. Tinawapeza pakhonde atavala jekete, patsogolo pawo pali beseni lalikulu, sopo watsopano, waya wokwechera ndi mulu wa zochapa. Anaimirira ngati wopereka mphoto.

"Mayi, mwavota. Boma lakhutira. Katundu wanu nayu, ndakusungirani bwinobwino."

Achemwali anayang'ana beseni, anayang'ana chala chawo cha inki, n'kukhala pa mpando wawo.

"Musafulumire, bambo. Lamulo lanu lomweli likuti akapanda kupezeka wopambana ndi mavoti oposa theka, tidzavotanso. Tidikire kaye zotsatira. Mwina kukhala chibwereza."

Alamu anavula jekete, kuikoloweka pa msomali, ananyamula beseni kupita nalo kuseri, n'kubwereranso kudzatenga wailesi kuti azimvera zotsatira. Sabata imeneyo, pa msewu wathu wonse, panalibe munthu amene anapempherera kuti wina aliyense apambane ndi mavoti oposa theka ngati mmene anapempherera alamu anga.